Decanter yakale yopanda dzina: mafunso ndi mayankho a mmene mungadziwire anaipanga ndani komanso anaipangira kuti

Chiyambireni kuyenda ma car boot, misika imene anthu amagulitsa katundu wakale wa mnyumba kuchokera mu buti ya galimoto, kuno ku West Midlands ku England, foni yanga yasanduka chipatala cha magalasi. Wina atumiza chithunzi cha botolo limene walipeza mu kabati ya agogo ake amene anali khukhi kwa azungu ku ma esiteti a tiyi ku Thyolo, wina walitola mu charity shop, shopu ya kaunjika yothandiza osowa, ku Leeds, wina akuti mayi ake anabwera nalo kuchokera ku Johannesburg ma 80s, ndipo onse funso ndi limodzi, anapanga ndani ichi ndipo ndi ndalama zingati. Ndatopa kulemba zomwezomwezo pa WhatsApp nde ndangoziika pamodzi apa. Ndineneretu kuti ma decanter ambiri alibe dzina, ndipo kusowa dzinako sikukupatsani ufulu woyipatsa dzina limene lakusangalatsani. Galasi timalifunsa pang'onopang'ono, pansi pake, chotsekera chake, kachekedwe kake, pamene lasiyira kuyankha ifenso timasiyira pomwepo.

Decanter nde chani, si botolo basi?

Ndi botolo inde, koma losagulitsiramo mowa. Azungu amathiramo vinyo kapena wisiki kuchokera mu botolo la ku shopu kuti patebulo pazioneka bwino, komanso vinyo wakale amakhala ndi nsenga pansi nde pothira mosamala nsengazo zimatsala. Kaumbidwe kake kamakuuzani ntchito yake. Ya mimba yozungulira ndi khosi lalitali ndi ya vinyo, sherry kapena port. Ya makona anayi yolemera ija ndi ya wisiki ndi burande. Ina imakhala yotambalala kwambiri pansi ngati yakhala chokhalira, imeneyo amati ship's decanter, anaiumba choncho kuti isamagwe sitima ikamagwedezeka panyanja. Ikakhala ndi chogwirira ndi kamlomo kothirira ndiye claret jug.

Ndiyambire pati kufufuza?

Itembenuzeni. Koma chonde chotsani kaye chotsekera, ambiri amaswera pomwepa, kutembenuza chotsekera chili pakamwa kenako phwaa pa simenti. Tsukani pansipo ndi madzi ofunda, pukutani, imani pa windo masana muziipendeketsa pang'onopang'ono. Dzina la pa crystal, galasi lolemera lonyezimira lija, sapenta ayi, amalidinda ndi asidi, nde limaoneka ngati kachifunga kotuwa, pena kakang'ono kuposa chikhadabo. Kuliyang'ana chamaso silioneka, koma mukawalitsa tochi ya foni cham'mbali limatulukira. Njira ina ndi kuuzirapo mpweya wa mkamwa ngati mmene timachitira popukuta magalasi a m'maso, nthunzi ija ikamachoka zilembo zimayamba kuoneka. Musangoona pakati pokha, zungulirani mphepete monse, mpaka mkati mwa timizere tochekedwa tija, chifukwa ena amabisa mmenemo.

Zimene ndimakumana nazo kawirikawiri kuno ndi za ku Stourbridge, tauni ili pafupi pompano imene inali likulu la crystal ya ku England: Stuart, Thomas Webb, Webb Corbett, Royal Brierley. Ku Scotland kunali Edinburgh Crystal, zakale zake zimalembedwa E&L chifukwa kampaniyo inkatchedwa Edinburgh and Leith. Waterford ya ku Ireland imalemba dzina lonse ndi zilembo zokhotakhota zachikale, zaposachedwapa zili ndi ka seahorse, kansomba ka mutu ngati wa hatchi. Baccarat ya ku France ndi kabwalo kozungulira, mkati mwake muli kabotolo, galasi la vinyo ndi tambula. A ku Sweden monga Orrefors ndi Kosta iwo amakonda kulemba pamanja ndi kachitsulo kosongoka, dzina, zilembo za amene anajambula ndi manambala, zooneka ngati wina wangokandapo.

Ndapeza dzina, nde nkhani yatha eti?

Aaa ayi, pamenepo mpamene yayambira. Dzina limakuuzani kampani koma chaka muyenera kuchisaka nokha. Tengani Waterford, imene aliyense amaifuna. Kunena zoona Waterford zilipo ziwiri. Yoyamba anaitsegula George ndi William Penrose mu 1783, nthawi imeneyo ku England galasi ankalidula msonkho malinga ndi kulemera kwake kuyambira 1745 pamene ku Ireland msonkhowo kunalibe, nde amisiri anawolokera komweko kukapanga magalasi onenepa ochekedwa mozama. Msonkho utafika ku Ireland mu 1825 zinthu zinayamba kuvuta ndipo fakitale inatsekedwa mu 1851. Kenako zii, pafupifupi zaka 100. Mu 1947 ndi pamene Charles Bacik wochokera ku Czechoslovakia anadzutsanso dzinali, ndipo Miroslav Havel, mnzake wa komweko, ndi amene anajambula Lismore mu 1952, pateni imene yadzadza mmakabati mpaka lero. Nde ngati yanu ili ndi chidindo cha asidi cha Waterford, si ya 1800 ngakhale wogulitsa alumbire bwanji, ndi ya Waterford yachiwiriyi. Zakale zenizeni zambiri zilibe chilichonse, zochepa chabe zili ndi zilembo zotukuka pansi zochokera mu chikombole, monga Penrose Waterford, Cork Glass Co kapena B. Edwards Belfast, ndipo zilembozo zimakhala zofufutika movuta kuwerenga.

Onjezani apo kuti fakitale yaikulu ya Waterford inatsekedwa mu 2009 ndipo zambiri za dzinali masiku ano zimapangidwa ku maiko ena monga Slovenia. Dzina la ku Ireland, galasi la kwina.

Baccarat inayamba mu 1764 koma chidindo chozungulira chija anayamba kudinda pa katundu yense cha mu 1936, kale ankangomata kapepala. Lalique ya ku France nayo, mwini wake René Lalique anamwalira mu 1945, nde zolembedwa R. Lalique zikuyenera kukhala za nthawi ya moyo wake, zapambuyo pake R ija anaichotsa nkungotsala Lalique France. Ndipo chifukwa R imodziyo imakweza mtengo, alipo akathyali amene amaiwonjezera okha. Siginecha yooneka yatsopano, yoyera mbee, pa galasi limene pansi pake pali pokalikakalika, muzikayikira.

Yanga ilibe dzina ngakhale limodzi. Ndi feki?

Ayi. Makampani ambiri ankangomata sitika, ndipo sitika imachoka pa tsiku loyamba kutsuka. Whitefriars ya ku London, imene inatseka mu 1980, inali yotero, Dartington nayo zambiri zinali za sitika. Komanso zisanafike ma 1920 kudinda dzina sikunali kofala nkomwe.

Apa ndi pamene timayang'ana mchombo. Galasi louzira pakamwa, mmisiri akamaliza kuuzira amalimata pa ndodo yachitsulo kunsi kwake kuti akonze khosi ndi mlomo, pomaliza nkulithyola pa ndodopo. Pothyokapo pamatsala chipsera, azungu amati pontil, ine ndimangoti mchombo chifukwa ndi mchombo ndithu. Ukakhala wokhakhala woti ungakuchekeni chala, galasilo ndi lakale kwambiri kapena la mmisiri wa fakitale yaing'ono. Ukakhala kadzenje kozungulira kosalala, anaupala nkuupukuta, imeneyo ndi ntchito yabwino. Ena amachekapo nyenyezi kuti aubise. Koma mukaona msoko, kamzere kotukuka kochokera pansi kukwera mbali zonse ziwiri, dziwani kuti inatuluka mu chikombole ngati njerwa.

Onaninso pamene imakhalira patebulo. Decanter ya zaka 100 yakhala ikukwekwesedwa pa matebulo moyo wake wonse, nde pansi pamakhala kabwalo kotuwa ka tizikanda tating'ono tolowera uku ndi uku. Tizikanda tolunjika mbali imodzi, tofanana, ameneyo ndi munthu ndi sandipepala.

Mchombo sungakupatseni dzina la kampani. Ungokuthandizani kudziwa kuti ndi ya pamanja kapena ya makina, yakale kapena ya dzana, basi.

Sitika ikadalipo, yalembedwa Bohemia Crystal 24% PbO. Bohemia ndi kampani?

Bohemia ndi dera, mbali ya kumadzulo kwa dziko la Czech, ndipo mafakitale a galasi kumeneko analipo ambirimbiri. Nthawi ya chikomyunizimu boma linawatenga onse ndipo katundu wotumiza kunja ankamatidwa sitika zofanana, nde kudziwa fakitale yeniyeni nkovuta kwabasi. Koma sitikayo musaimatule, ndi kalendala yanu. Czechoslovakia inakhalapo kuyambira 1918 mpaka kumapeto kwa 1992, ikalembedwa Czech Republic ndi ya 1993 kubwera kuno. West Germany ndi pakati pa 1949 ndi 1990, GDR chimodzimodzi koma ndi Germany ya kummawa. Mawu oti Bleikristall ndi Chijeremani, akungotanthauza crystal ya mtovu. PbO ija ndi mtovu womwewo, ndipo 24% ndi mlingo umene malamulo a ku Europe amafuna kuti galasi litchedwe lead crystal.

Za ku Czech zimenezi ndi zokongola ndipo zambiri zinachekedwa pamanja ndithu, zinangochuluka, ndi chifukwa chake sizidula. Kupatula Moser ya ku Karlovy Vary, imene Ludwig Moser anaiyambitsa mu 1857, imeneyo ndi ligi ina.

Ndikaigogoda ndi supuni imalira kuti ngwee. Si umboni woti ndi crystal?

Siyani kugogoda ndi supuni, mudzalira ndinu. Mayeso amenewa amagwira pa galasi lomwera vinyo kapena mbale yotseguka, koma decanter ndi yotsekeka komanso yonenepa, nde ngakhale ya crystal yeniyeni pena imangoti gu. Kulemera ndi kumene kumathandizako, ya mtovu imalemera kuposa mmene maso akuonera, komanso padzuwa mochekedwa muja mumatuluka mitundu ya utawaleza. Crystal ya mtovuyi anaitchukitsa ndi George Ravenscroft ku London cha mu 1674, ndipo chifukwa ndi yofewa pocheka ndi imene inabweretsa fashoni yonse ya magalasi ochekedwa. Komabe kukhala ndi mtovu sindiye kuti ndi yapamwamba. Moser ija ilibe mtovu olo pang'ono.

Ndisiyanitsa bwanji yochekedwa pamanja ndi ya makina?

Tsekani maso muyendetse chala. Yochekedwa pa gudumu la mwala imakhala yakuthwa, mizere yake imakumana pa nsonga yeniyeni, ndipo mukayang'anitsitsa mupeza pamene dzanja linaphonya pang'ono, mzere wina wapitirira, nyenyezi ina mwendo umodzi wafupika. Ya mu chikombole mmbali mwake ndi mobulungira ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito, ndipo pateni yake ndi yofanana ndendende mbali zonse. Chosokoneza nchakuti mafakitale a zaka za ma 1900 anayamba kupukuta ndi asidi mmalo mwa gudumu, zimene zimabunthitsako kuthwa kuja, nde Stuart ya ma 70s siingakhale yakuthwa ngati ya nthawi ya Mfumukazi Victoria, ma 1800.

Zambiri zimene anthu amanditumizira kuchokera mma display a kumudzi zimapezeka kuti ndi Cristal d'Arques ya ku France kapena RCR ya ku Italy. Ndi crystal inde, koma ya makina, yopangidwa miyandamiyanda, mphatso za pa ukwati zija. Palibe chochititsa manyazi, ingoti musaitche Waterford.

Chotsekera chili ndi kanambala kokandidwa. Ndi chaka?

Si chaka. Koma mwapeza chinthu chofunika kuposa mmene mukuganizira. Pa decanter yabwino, chotsekera chilichonse ankachipala kuti chikwane khosi la botolo lake lokha, kenako nkukanda nambala imodzi pa mwendo wa chotsekeracho ndi yomweyo pakhosi, pamlomo kapena pansi pa botolo, kuti zisasokonekere potsuka ndi popakira. Manambala akafanana, awiriwo anabadwira limodzi. Akasiyana, amenewo ndi banja lachiwiri, ogulitsa kuno amachita kutchula kuti marriage.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama zanga. Lamulungu lina mmawa kukuzizira, bambo wina anandigulitsa ya makona anayi yolemera bwino, mapaundi 15, ine kusangalala kuti ndaba. Kufika kunyumba kuwalitsa tochi, botolo 7, chotsekera 23. Nditayang'ana bwino ndinaona kuti ngakhale kachekedwe kanali kosiyana, botolo madayamondi, chotsekera timizere toongoka, koma kumsika kuja maso anali pa mtengo. Nde musanalipire lowetsani chotsekera, chipotozeni pang'ono, chikuyenera kugwira osagwedera, ndipo chisamire kwambiri kapena kutsala pamwamba ngati chipewa chobwereka.

Kaumbidwe ka chotsekera kamalozanso nthawi. Chooneka ngati bowa, pamodzi ndi mphete zitatu pakhosi la botolo, ndi sitayilo ya kumayambiriro kwa ma 1800 ku England ndi Ireland. Vuto ndi loti sitayilo imeneyi anaibwereza kambirimbiri pambuyo pake, nde payokha siikwanira.

Pakhosi pali chitsulo chooneka ngati siliva, chili ndi tizidindo. Tikutanthauza chani?

Apa mwachita mwayi, chifukwa siliva wa ku Britain ndi amene amanena chaka mosabisa. Mkango woyenda ukutanthauza siliva weniweni woyezedwa ku England, ku Scotland chizindikiro chake ndi china. Kenako chizindikiro cha mzinda umene anamuyeza: nangula ndi Birmingham, mutu wa kambuku ndi London, chisoti chachifumu ndi Sheffield mpaka 1974 kenako anasintha nkuika duwa la rozi, nyumba ya malinga ndi Edinburgh. Pamakhalanso chilembo chimodzi chimene chikuimira chaka, matebulo ake ali pa intaneti, ingosamalani kuti mzinda uliwonse unali ndi kaundula wakewake ndipo kalembedwe ka chilembocho ndi kabokosi kake nzofunika, a wamng'ono ndi A wamkulu ndi zaka zosiyana. Zilembo ziwiri kapena zitatu zotsalazo ndi za wosula silivayo. Wosula siliva, osati wopanga galasi, awa ndi anthu awiri, galasilo ankagula kwina mwinanso kunja kwa dziko.

Mukaona EPNS, ndi chitsulo chongokutidwa siliva pamwamba, chaka palibe.

Kachikwangwani kolendewera ndi tcheni kolembedwa Sherry kapena Port musakadalire, kamasamuka botolo ndi botolo. Ndipo ngati ma decanter anu ali awiri kapena atatu mu chimango chathabwa chokhala ndi loko, chimenecho ndi tantalus, mowa ukuoneka koma sungauthire popanda kiyi, akuti ankaopa antchito a mnyumba. George Betjemann wa ku London analembetsa patent yake, umwini wa lusolo, mu 1881, ndipo pa zimene anapanga a kampani yake dzina lake limapezeka pa chitsulo cha loko. Pomaliza, pa magalasi ena a ku Britain pamakhala kachizindikiro ka dayamondi kokhala ndi zilembo mmakona, kameneko ndi ka 1842 mpaka 1883, kuyambira 1884 anayamba kulemba Rd ndi nambala. Nambala imeneyo mukaifufuza imakupatsani kampani imene inalembetsa dizaini ndi chaka chake.

Yanga si yoyera, ndi yobiriwira, yaitali, chotsekera chosongoka ngati lawi la moto.

Mosakayika kwambiri ndi ya ku Empoli, pafupi ndi Florence ku Italy, ya ma 50s mpaka ma 70s, ogulitsa amati genie bottle. Zimakhalanso za buluu, zofiirira, za mtundu wa uchi. Anthu amathamangira kuzitcha Murano chifukwa Murano ndi dzina lokhalo la ku Italy limene amalidziwa, koma Murano ndi zilumba za ku Venice, kutali ndi Empoli, ndipo ntchito yake ndi ina. Ku America amazisokoneza ndi Blenko ya ku Milton, West Virginia. Kusiyana kwake, Blenko imakhala yonenepa ndipo mchombo wake nthawi zambiri umaoneka, pamene za ku Empoli zambiri ndi zopepuka, pansi posalala, zina chotsekera chake chili ndi kapulasitiki kogwirira pakhosi.

Ikakhala yofinyidwa pakati ngati chiuno cha mavu, mpaka pakatipo pagawika timipope, ndipo pothira imati kulukulu, imeneyo ndi kluk kluk ya ku Denmark, Holmegaard ndi amene anaitchukitsa ngakhale enanso anapanga. Ndipo inu amene zanu zinachokera ku South Africa, mukaona galasi lonenepa lobiriwirako pang'ono lokhala ndi timathovu mkati, chotsekera chake njovu kapena mvuu, musapite nalo kutali, ganizirani Ngwenya Glass ya ku Eswatini pafupi ndi boda ya Oshoek. Inayamba mu 1979 ndi thandizo la ku Sweden, inatsekapo nkutsegulanso mu 1987, ndipo amasungunula mabotolo akale.

Tochi ya UV imathandiza?

Pang'ono. Galasi lokhala ndi uranium limawala kubiriwira kowala kwambiri mumdima, losakanizidwa manganese limawala mofooka, ndipo manganese yemweyo ndi amene amapangitsa magalasi ena akale kusanduka a pepo akakhalitsa padzuwa. Zimakuuzani zimene zili mu galasimo, osati amene analipanga.

Bwanji osangojambula ndi Google Lens?

Jambulani, inenso ndimatero. Koma dziwani kuti imakubweretserani zithunzi za ogulitsa a pa eBay ndi Etsy, ndipo ambiri a iwo anangolota dzinalo kapena kukopera kwa mnzawo amene analotanso. Munthu mmodzi akalemba Baccarat molakwitsa, pakutha pa chaka anthu makumi akhala atakopera. Chimene mukufuna ndi katalogu ya fakitale kapena chithunzi cha ina yofanana ndendende imene ili ndi chidindo kapena sitika yake. Ndendende ndikutanthauza kuwerenga mizere, kuyeza kutalika ndi tepi, kufananiza nyenyezi ya pansi kuti ili ndi miyendo ingati. Mapateni monga hobnail, timabampu totukuka tija, ndi madayamondi anapangidwa ndi fakitale iliyonse kuyambira Stourbridge mpaka Bohemia. Kampani ya Replacements ya ku North Carolina ku America ili ndi zithunzi za mapateni ambirimbiri pa intaneti, ndipo amene muli kuno, Stourbridge Glass Museum inatsegulidwa mu 2022, kuona ndi maso zenizeni kumaphunzitsa msanga kuposa foni.

Pojambula ikani pa nsalu yakuda kapena pa windo, osayatsa flash, ndipo mujambule yonse, pansi, chotsekera pachokha ndi mlomo. Chithunzi chimodzi chili mu kabati kumbuyo kwa maluwa apulasitiki palibe angakuthandizeni nacho.

Chabwino, nde ndi ndalama zingati?

Nthawi zambiri zochepa, pepani. Achinyamata kuno safuna crystal ya makolo awo, siilowa mu dishwasher, nde ma charity shop adzadza nazo. Fakitale zinatseka, Thomas Webb mu 1990, Stuart mu 2001, Edinburgh Crystal mu 2006, koma katundu wawo akadali mbwee. Zimene zimakoka ndalama ndi Baccarat, Saint-Louis, Lalique, Moser, za ku Ireland za zilembo zotukuka zija, za siliva weniweni, komanso ziwiri zofanana zikakhala pamodzi. Kubenthuka pamlomo, chotsekera cha eni, kapena chifunga mkati, mtengo umagwa nthawi yomweyo. Ndipo poona mitengo pa intaneti muziona zimene zagulidwa, osati zimene munthu akuitanitsa.

Ndingasungiremo wisiki?

Kuthira madzulo alendo akabwera nkumaliza tsiku lomwelo palibe vuto lalikulu. Kusungiramo miyezi ndiye ayi. Mowa umasungunula mtovu pang'onopang'ono, ofufuza a ku Columbia University analemba zimenezi mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1991 atayeza port ndi burande zimene zinakhalitsa mu crystal, mtovu unali utakwera kwambiri. Amayi oyembekezera ndi ana asamweremo nkomwe, olo juwisi. Zotsala bwezerani mu botolo lake.

Mkati muli chifunga choyera chosachoka, komanso chotsekera chakakamira. Nditani?

Chifunga chilipo cha mitundu iwiri. Yesani kaye viniga wosakaniza ndi madzi ofunda, agonemo usiku, mmawa thiranimo mpunga wosaphika dzanja limodzi nkukhutchumula. Chikachoka, unali mchere wa mmadzi chabe. Chikasowa galasi likanyowa nkubwereranso likauma, ndiye kuti galasi lenilenilo linadyeka chifukwa chosiyamo madzi kapena vinyo nthawi yaitali, ndipo palibe sopo angachotse, pamafunika akatswiri opukuta mkati ndi makina, zimene pena zimadula kuposa decanter yomweyo. Chenjerani ndi ogulitsa amene amapaka timafuta mkati kapena kuigulitsa ili yonyowa kuti chifungacho chibisale. Madzi otentha kwambiri ayi, crystal yonenepa imang'aluka.

Chotsekera chokakamira musachikoke ndi mphamvu ndipo pulayala isayandikire. Donthezani timafuta tophikira pang'ono pamene chakumana ndi khosi, siyani maola angapo, kenako kulungani khosilo ndi kansalu konyika mmadzi ofunda kuti lifutukuke pang'ono, chotsekeracho chikhale chozizira. Gogodani mmbali mwake mofatsa ndi mthiko, mbali iyi, mbali inayo, mukupotoza pang'onopang'ono, ndipo chitani zimenezi pamwamba pa thaulo lopindidwa, osati pa sinki. Chikakana lero yesaninso mawa. Chikatuluka, tsukani mafuta aja, imikani botolo chozondoka liume masiku awiri, ndipo musanabwezere chotsekera yang'anani kaye pa mwendo wake ngati pali kanambala.